Bwanji George R. R. Martin sakumaliza nkhani yomwe TV inamaliza kale?

Buku lachisanu la nkhani yaitali ya George R. R. Martin, lotchedwa A Dance with Dragons, linatuluka pa 12 Julayi 2011. Chakumapeto kwake Jon Snow, mnyamata amene owerenga akhala akumutsatira kuyambira 1996, akubayidwa ndi mipeni ndi anyamata ake omwe n'kugwa chafufumimba m'chipale chofewa. Mfumu Stannis ili ndi gulu lankhondo lanjala lomwe latsekerezedwa ndi chipale panjira ya ku linga la Winterfell. Mfumukazi Daenerys yasokera m'tchire ndi chinjoka chake cholavula moto, pamene mzinda umene ankalamulira wazingidwa ndi adani. Buku likuthera pamenepo. Lotsatira lake, The Winds of Winter, mpaka lero silinatuluke, ndipo mwana amene anabadwa tsiku limenelo pano ndi wamsinkhu wa ku sekondale.

Chozunguza mutu n'chakuti pa TV nkhani yomweyi inatha kalekale. Kampani ya HBO inayamba kuonetsa Game of Thrones pa 17 Epulo 2011, kutatsala miyezi itatu kuti buku lachisanu lija lituluke, ndipo inatseka pa 19 Meyi 2019 itaonetsa masizoni 8, magawo 73 onse pamodzi. Kuno kwathu ena ankadzuka 3 koloko m'bandakucha kuti aonere pa M-Net nthawi imodzi ndi anthu a ku America, kuopa kuti kukamacha wina awaululira pa Facebook yemwe waphedwa. Ndiye kuti anthu mamiliyoni akudziwa mathero omwe mwini nkhani sanawalembebe.

Mukafunsa chifukwa chake, ambiri amayankha msanga kuti mkuluyu wakhuta ndalama, ulesi wamulowa. Ine yankho limeneli silindifika pamtima. Munthu waulesi satulutsa chibuku cha masamba oposa 700 ngati Fire & Blood m'zaka zomwezi zimene tikumunena kuti wagona. Vuto lagona m'kapangidwe ka nkhaniyo, m'kalembedwe ka mwini wake, komanso poti buku ndi TV siziyendera wotchi imodzi.

Martin anabadwa mu 1948 ku Bayonne, New Jersey. M'zaka za m'ma 1980 anagwira ntchito ku Hollywood, kulemba masewero a pa TV monga The Twilight Zone ndi Beauty and the Beast. Kumeneko nyimbo ya mabwana inali imodzi: zimene walembazi n'zokoma koma n'zodula, chepetsa anthu, nkhondoyi ichoke. Atatopa nazo, mu 1991 anayamba kulemba buku lomwe panalibe womuwerengera ndalama. Papepala nyumba yachifumu siilira simenti, ndipo asilikali 10,000 safunsa alawansi. Anatapa m'mbiri ya England, makamaka nkhondo zolimbirana ufumu za mabanja a York ndi Lancaster m'zaka za m'ma 1400, ndipo chikhoma cha ayezi cha m'nkhaniyo anachiganizira atakaona khoma la Hadrian kumpoto kwa dzikolo. Analemba dala nkhani yoti makamera aigonjere.

Poyamba ankati akhala mabuku atatu basi. Atatuwo anabweradi mwaliwiro: A Game of Thrones mu 1996, A Clash of Kings mu 1998, A Storm of Swords mu 2000. Koma nkhani inali ikadali kutali ndi kumathero, ndipo chiwerengero cha mabuku chinakwera mpaka kufika pa 7.

Zinthu zinayamba kuvuta pa buku lachinayi. Ambiri mwa anthu amene asenza nkhaniyi ndi ana. Pamene ikuyamba, Bran ali ndi zaka 7, Arya 9, Daenerys 13, Jon 14, ndipo zinjoka zimaswedwa kumapeto kwenikweni kwa buku loyamba. Martin anaganiza zodumpha zaka zisanu kuti ana akule, zinjoka zikhwime. Analemba motero kwa nthawi ndithu, kenako anaona kuti sizikuyenda. Kwa ana amene akuphunzira luso kwinakwake, kudumpha kunkatheka. Nanga mfumukazi Cersei, yemwe wangogwira kumene mphamvu mu likulu la King's Landing? Nanga Stannis, yemwe wafika pa Khoma ndi asilikali? Anthu oterewa sangakhale zaka zisanu atapinda manja. Mitu yambiri inkasanduka ya munthu wongokhala n'kumakumbukira zimene zinachitika m'zaka zodumphidwazo. Anataya pulaniyo n'kuyamba kulemba zomwe ankafuna kuzilambalala. Apa mpofunika kugwira bwino: mbali yaikulu ya buku lachinayi ndi lachisanu ndi nkhani imene poyamba sinali m'mapulani n'komwe.

Zolembazo zinafufuma mpaka sizikanakwana m'chikuto chimodzi. Anazigawa pawiri potengera malo, osati nthawi. A Feast for Crows, lomwe linatuluka mu 2005, linatenga makamaka anthu a kummwera kwa Westeros, dziko lopeka la m'nkhaniyi, pamene Jon, Tyrion ndi Daenerys, omwe owerenga amawakonda zedi, anasungidwira buku linalo. Kumapeto kwake Martin analemba kuti akuyembekeza kuti linzakelo lituluka chaka chotsatira. Linatenga zaka 6.

Kuti timvetse chifukwa chake ntchitoyi imangolemerabe, tiyenera kuona mmene mitu ya mabukuwa inamangidwira. Mutu uliwonse umaoneredwa m'maso mwa munthu mmodzi. Pamwamba pakalembedwa kuti Tyrion, wowerenga amaona zokhazo zimene Tyrion akuona, amamva zokhazo zimene wamva, kuphatikizapo mabodza amene wauzidwa. Kukoma kwa mabukuwa kuli pamenepa. Jaime Lannister, amene m'buku loyamba amakankha mwana kuchokera pawindo la nsanja, mukalowa m'mutu mwake m'buku lachitatu mumapezeka mukumumvera chisoni osafuna. Koma kalembedwe kameneka n'kodula. Chinthu chachikulu chikamachitika mumzinda momwe mulibe aliyense mwa anthu amaso aja, wolemba ayenera kutumizako mmodzi kapena kulenga watsopano. Watsopanoyo sabwera chimanjamanja. Amabwera ndi abale ake, adani ake, chakukhosi chake, ndipo zonsezo zidzafuna mathero awo. Buku loyamba linali ndi anthu amaso 8. Lachisanu lili ndi 16, osawerengera a m'mutu wotsegulira ndi wotsekera.

Onjezerani apo kuti m'dziko lakelo mulibe foni. Uthenga umayenda ndi akhwangwala, anthu amayenda pa akavalo ndi pa zombo, ndipo ulendo umodzi umadya masabata kapena miyezi. Wolemba ayenera kusunga m'mutu kuti ndani akudziwa chiyani, pa tsiku liti, ali kuti. Akasuntha chochitika chimodzi ndi sabata ziwiri, mitu ina khumi imasokonekera.

Chitsanzo chimene iye mwini ankachidandaula kwambiri ndi chomwe anachitcha mfundo ya ku Meereen. Daenerys akulamulira mzinda umenewu. M'kati mwake muli zigawenga zopha anthu usiku, kunja kuli magulu ankhondo a eni akapolo, ndipo mliri wa kamwazi wabuka. Nthawi yomweyo anthu angapo ali paulendo wopita kwa iye: Tyrion, Quentyn Martell wodzafunsira mbeta, Victarion Greyjoy ndi zombo zake. Afike woyamba ndani? Quentyn akafika Daenerys asanatomeredwe ndi mwamuna wina, nkhani ilowera uku. Akafika ukwati utachitika kale, ilowera uko. Martin analemba kafikidwe kameneka kangapo, mosiyanasiyana, kuti aone kamene kakugwira. Pomaliza anamasula mfundoyo popatsa msilikali wokalamba Barristan Selmy mitu yakeyake, ndiye kuti anathetsa vuto la kuchuluka kwa anthu amaso powonjezera wina. Ngakhale zinatero, nkhondo ziwiri zikuluzikulu zomwe zinayenera kutseka buku lachisanu, ya ku Meereen ndi ya kufupi ndi Winterfell, zinasunthidwira ku buku lotsatira chifukwa malo anatha. The Winds of Winter linayamba lili kale ndi ngongole.

Martin amagawa olemba m'magulu awiri. Ena ali ngati katswiri wojambula pulani ya nyumba, amene amadziwa kuchuluka kwa zipinda maziko asanakumbidwe. Ena ali ngati mlimi amene amabzala mbewu, kuithirira, n'kuona chimene chimere. Iye amadziika m'gulu lachiwirili, ndipo amati akadziwiratu zonse chidwi cholemba chimamuthera. Koma aliyense amene anabzalapo maungu akudziwa kuti kuyanga sikuvuta. Chosatheka ndi kuitana nthambi zomwe zafika m'munda mwa mnansi kuti zibwerere paphando. Mabuku asanu oyamba inali ntchito yomwaza anthu m'dziko lonse. Awiri otsalawa ndi ntchito yowasonkhanitsa, ndipo amenewa ndi maluso awiri osiyana. Amene ali ndi loyamba sikuti ali ndi lachiwiri.

Palinso kagwiridwe kake ka ntchito. Amalembera kwawo ku Santa Fe, New Mexico, pa pulogalamu yakale ya WordStar 4.0, pa kompyuta ya DOS yosalumikizidwa ku intaneti. Wanenapo kambirimbiri kuti satha kulemba ali paulendo, kaya m'hotela kaya m'ndege. Ndiye TV itamutchukitsa dziko lonse, chinthu choyamba chimene inamubweretsera ndi maulendo.

Nkhani ya TV inayamba mu 2006 pamene David Benioff ndi D. B. Weiss, omwe anadzakhala opanga sewerolo, anakumana naye kudzapempha kuti ajambule mabuku ake. Anawayesa ndi funso limodzi, loti mayi wa Jon Snow ndani, poti yankho lake mabuku salinena poyera. Anayankha molondola. HBO inagula ufulu wa nkhaniyi mu 2007, mabuku anayi atatuluka kale, ndipo Martin ankadziona kuti ali patali kutsogolo. Buku lachitatu linadyadi masizoni awiri. Ankayembekeza kuti lachinayi ndi lachisanu adyanso awiri kapena atatu, iye n'kupezerapo mpata womaliza. Opanga TV anapanikiza zambiri za mabuku awiriwo mu sizoni yachisanu yokha, mu 2015, ndipo mpata uja unangoti zii.

Ena amafunsa kuti bwanji HBO sinangodikira. TV siingadikire. Ana osewera amakula: Maisie Williams, amene anasewera Arya, anasankhidwa ali ndi zaka 12 ndipo sewero linatha ali ndi zaka 22. Akuluakulu ali ndi makontirakiti omwe amatha, ndipo akatchuka amaitanidwa kwina. Antchito mazanamazana ankajambula ku Belfast, ku Dubrovnik m'dziko la Croatia, ku Iceland, ku Spain ndi ku Morocco. Gawo limodzi linkadya pafupifupi madola 6 miliyoni poyambirira, ndipo pofika sizoni yomaliza linali pafupifupi 15 miliyoni. Gulu lotere simungaliuze kuti pitani kwanu, tidzakuitanani wolemba akamasula mfundo yake.

Mu 2013 Benioff ndi Weiss anapita ku Santa Fe, ndipo Martin anawauza kumene nkhani ikulowera ndi mathero a anthu akuluakulu. Amene sanaonere andikhululukire, koma zina mwa zomwe zinachokera kwa iye ndi kuwotchedwa kwa mtsikana Shireen komanso chiyambi cha dzina la Hodor. Pa 2 Januwale 2016 analengeza yekha kuti walephera masiku awiri amene anagwirizana ndi osindikiza mabuku, kumapeto kwa Okutobala ndi kumapeto kwa Disembala 2015, ndipo kuti sizoni 6 ituluka buku lisanathe. Kuyambira Epulo 2016, TV inali kutsogolo kwa mwini nkhani.

Koma kodi inali nkhani yomweyo? Apa mpamene anthu ambiri amasokonezeka. Kuti nkhani ikwane pa TV, opanga anadulira nthambi zambiri. Catelyn Stark, amene m'mabuku amaukitsidwa n'kukhala wobwezera woopsa wotchedwa Lady Stoneheart, pa TV anafa n'kutheratu. Mnyamata wotchedwa Young Griff, amene akumuti ndi Aegon Targaryen ndipo m'buku lachisanu wafika kale ku Westeros ndi asilikali, pa TV kulibe. Arianne Martell, Quentyn ndi Victarion kulibenso. Kudulira kumeneku sindikuona ngati kulakwa, chifukwa owonera sangasunge maina mazana. Vuto lake n'lakuti Martin anawapatsa kofikira, koma misewu yopita kumeneko m'mutu mwake imadutsa mwa anthu omwe TV inawachotsa. Pamene mabuku anawathera, opanga anatsala ndi mndandanda wa zochitika zikuluzikulu popanda zifukwa zozilumikiza.

Ndiye anathamanga. Masizoni 6 oyamba anali ndi magawo 10 iliyonse, ya 7 inali ndi 7, ya 8 inali ndi 6, ngakhale Martin ananena poyera kuti nkhaniyo ikanatha kufika masizoni 10 kapena kupitirira. Maulendo omwe kale ankadya sizoni yathunthu anayamba kutha m'mphindi zochepa. Daenerys anasintha kuchoka pa mpulumutsi kufika pa wowotcha mzinda m'magawo owerengeka, ndipo Bran anapezeka ali mfumu owonera asanakonzekeretsedwe. Gawo lomaliza linaonedwa ndi anthu 19.3 miliyoni ku America usiku woyamba, ndipo sewero lonse linapata mphoto za Emmy 59, koma anthu oposa miliyoni imodzi anasaina pempho pa intaneti loti sizoni yomaliza ijambulidwenso. M'kuona kwanga, chimene chinakwiyitsa anthu si mathero enieniwo koma liwiro lofikira kumeneko. Mathero omwewo atafotokozedwa m'masamba 2,000, kudzera m'mutu mwa Daenerys mwini wake, akhoza kumveka mwina.

Atafunsidwa ngati mabuku adzatha chimodzimodzi, Martin anayankha kuti inde ndi ayi. Mu 2022 anawonjezera kuti zimene akulemba zikunka zitalikirana ndi za pa TV, ndipo ena omwe anafa pa TV m'mabuku akhala moyo, ena omwe anapulumuka afa. Ndimaganiza kuti apa ntchito inalemera kawiri. Munthu amene amati kudziwa mathero kumamuphera chidwi, anaona mathero ake akuonetsedwa kwa dziko lonse, dziko n'kuwakana.

Malonjezo ndiye sanasowe. Mu 2019 ananena moseka kuti akadzafika ku New Zealand ku msonkhano wa olemba ndi owerenga wa Worldcon wa 2020 wopanda bukulo m'manja, adzamutsekere m'kanyumba pachilumba mpaka amalize. Covid-19 inabwera, msonkhanowo unachitikira pa intaneti, ndipo anapulumuka. Chaka chimenecho, atabindikira, analemba masamba mazana angapo. Kumapeto kwa 2022 anati wamaliza pafupifupi magawo atatu mwa anayi, masamba 1,100 kapena 1,200, ndipo kwatsala 400 kapena 500. Manambalawa ndi osadalirika kwa wolemba amene amabwerera m'mbuyo kukafufuta ndi kulembanso. Akhoza kugwira ntchito chaka chonse chiwerengero osasuntha.

Zimene zimawawa owerenga ndi ntchito zina zomwe zimatuluka m'malo mwake: The World of Ice & Fire mu 2014, Fire & Blood mu 2018, mbiri ya dziko la gemu ya Elden Ring yomwe inatuluka mu 2022, sewero la House of the Dragon chaka chomwecho, osaiwala holo yoonetsera mafilimu ya Jean Cocteau yomwe anagula ku Santa Fe mu 2013. Koma taonani Fire & Blood. Linalembedwa ngati buku la mbiri yakale, wofotokoza mmodzi akusimba za mafumu motsatana zaka. Mulibe anthu amaso 16, mulibe mfundo ya ku Meereen, ndipo kumene mafumuwo anathera n'kodziwika kale. Kuti limeneli linatheka pamene linalo likukanika, zikuonetsa kuti dzanja likulembabe. Chomwe chamukanika ndi buku limodzi lenilenilo. HBO nayo inaphunzirapo: House of the Dragon yachokera pa nkhondo imene mathero ake analembedwa kale mu Fire & Blood. Ngakhale apo mkangano sunathe. Mu Seputembala 2024 Martin anadandaula poyera kuti opanga achotsa kamwana kotchedwa Maelor, n'kuchenjeza kuti kusintha kwakung'ono kotere kudzagwetsa zinthu zikuluzikulu kutsogolo. Uthengawo unachotsedwa patangopita maola ochepa.

Kodi wolemba ali ndi ngongole kwa owerenga? Mu 2009, anthu akudandaula kale za buku lachisanu, wolemba mnzake Neil Gaiman anayankha wowerenga wina mwaukali kuti Martin si wantchito wake. Unagula buku, unalandira buku, nkhani yatha. Pali zoona pamenepo, koma si zonse. Buku loyamba la mndandanda limagulitsidwa ndi lonjezo loti kuli mathero, ndipo anthu anagula makope oposa 90 miliyoni akukhulupirira lonjezo limenelo. Wowerenga ali ndi ufulu wokhumudwa, makamaka ndi masiku omwe analonjezedwa n'kudutsa. Chimene alibe nacho ufulu ndi chizolowezi chonyansa chomuwerengera munthu zaka zake ndi kumufunsa pamaso kuti akamwalira adzamaliza ndani. Ovulala enieni ndi olemba achinyamata. Owerenga ambiri a nkhani zamtunduwu, atapsa ndi Martin komanso Patrick Rothfuss, amene buku lake lachiwiri linatulukanso mu 2011 ndipo lachitatu likudikiridwabe, tsopano amati sayamba mndandanda usanathe. Koma osindikiza amaona malonda a buku loyamba kuti avomere lachiwiri. Aliyense akamadikira kuti uthe, sungathe.

Amene amafuna kuti wina adzamalize amaloza kwa Robert Jordan, mlembi wa The Wheel of Time, yemwe anamwalira mu Seputembala 2007 nkhani yake isanathe. Jordan ankadziwa kuti matenda ake ndi oopsa, choncho anasiya zolemba ndi mawu ojambulidwa ofotokoza mathero. Mkazi wake Harriet McDougal, amene analinso mkonzi wa mabuku ake, anasankha Brandon Sanderson, ndipo buku limodzi lomwe linatsala linasanduka atatu, mu 2009, 2010 ndi 2013, onse pamodzi n'kukwana 14. Kwa Martin njira imeneyi n'njovuta. Wakhala akusonyeza kuti sakonda kuti ena azilemba za anthu ake, Sanderson ananena kale kuti iye si woyenera ntchitoyo, ndipo mlimi sasiya pulani m'kabati. Chodabwitsa n'chakuti kwa Jordan zinatembenuka: mabuku anatha, koma sewero lake la Amazon, lomwe linayamba mu 2021, linaimitsidwa mu 2025 litangofika masizoni atatu.

Ndipo ngakhale The Winds of Winter litatuluka mawa, si lomaliza. Kwatsala la nambala 7, A Dream of Spring. Mipata ya pakati pa mabuku yakhala zaka 2, 2, 5, 6, ndipo tsopano zoposa 14. M'mabuku asanu amene tili nawo, Daenerys sanabwererebe ku Westeros, sanakumanebe ndi Jon kapena kucheza ndi Tyrion, ndipo gulu la akufa la kuseri kwa Khoma silinawolokebe. Zonsezo, pamodzi ndi nkhondo ziwiri za ngongole zija, zikuyenera kukwana m'mabuku awiri.